Wotchi, singano ndi mtengo wa chovala

Mwa ngongole zimene zimatuluka m'mabokosi a magulu athu, zambiri zimathera pa makina osokera, nsalu, ulusi ndi lendi ya khonde losokerapo. Kaya gululo limatchedwa banki m'khonde kapena chipereganyu ku Malawi, chilimba ku Zambia, mukando ku Zimbabwe, xitique ku Mozambique kapena stokvel ku South Africa, simulephera kupezamo mayi amene amalera ana ndi singano. Choncho pamene tikukondwerera chaka china cha mgwirizano wathu, taona kuti m'kabuku aka mukhalenso mbiri ya funso limene mayi aliyense wosoka amakumana nalo tsiku ndi tsiku: kodi chovala ichi chadya nthawi yochuluka bwanji, ndipo chadya ndalama zingati?

Funsoli lakhala likufunsidwa kwa zaka pafupifupi 200, ndipo nthawi zambiri woliyankha sanali wosokayo. Amayi ankasoka, wina ataima kumbuyo kwawo ndi wotchi ndi cholembera. Mayankho amene anapezeka anatsitsa mtengo wa zovala padziko lonse, anatsegula mafakitale ena n'kutseka ena, kuphatikizapo a kwathu kuno, ndipo penapake anaphetsa anthu. Lero ambiri mwa ife tili ndi makina athuathu, ena talemba atsikana ntchito, ndiye kuti wotchi ija yafika m'manja mwathu. Tiyenera kudziwa kumene yachokera.

Malipiro a pa chovala chimodzichimodzi

Makina osokera asanabwere, chovala chilichonse chinkasokedwa pamanja. Mu mzinda wa London, m'zaka za m'ma 1840, amalonda ankadula nsalu n'kuipereka kwa amayi kuti akasokere kunyumba, ndipo ankawalipira pa malaya alionse amene amaliza. Mtolankhani Henry Mayhew anayendera amayiwa mu 1849 n'kulemba m'nyuzipepala ya Morning Chronicle zimene anamuuza. Ambiri ankasoka kuyambira mbandakucha mpaka usiku, ndipo pa kandalama kamene ankalandira ankachotsapo okha mtengo wa ulusi ndi makandulo. Wamalonda sankafunikira kuyeza nthawi. Iye ankagula malaya omalizidwa, ndipo maola onse otayika, maso owonongeka ndi nyali yoyaka usiku zinali za mayiyo. Njira imeneyi ya malipiro ilipobe mpaka lero, ndipo ife timaidziwa bwino chifukwa ndi ganyu.

Elias Howe analembetsa makina ake osokera ku America mu 1846, ndipo Isaac Singer analembetsa ake mu 1851. Opanga makina ndiwo anali oyamba kufalitsa manambala a nthawi, chifukwa ankafuna malonda. Kampani ina inkalengeza kuti malaya a bambo amene ankatenga maola opitirira 14 pamanja ankatha pa ola limodzi ndi mphindi zochepa pa makina. Vuto linali mtengo, popeza makina amodzi ankagula madola 100 kapena kuposa, ndalama zimene banja wamba silikanatulutsa nthawi imodzi. Mu 1856 Edward Clark, mnzake wa Singer pa bizinesi, anayambitsa njira yoti munthu apereke kandalama koyamba, atenge makina, n'kumamaliza pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Kotero kuyambira pachiyambi penipeni makina osokera akhala akuyenda limodzi ndi ngongole, monga mmene zilili m'magulu athu.

Koma amayi osoka sanalemere chifukwa cha makinawo. Malaya atayamba kutha msanga, amalonda anatsitsa malipiro a malaya amodzi, ndipo mayi anafunika kusoka ambiri kuti apeze ndalama yomwe ija, uku akubweza ngongole ya makina.

Chaka cha 1911

Munthu amene dzina lake limatchulidwa kwambiri pa nkhani yoyeza ntchito ndi Frederick Winslow Taylor wa ku Philadelphia. Iye sankagwira ntchito ya zovala koma ya zitsulo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1880 ankaima pafupi ndi antchito ndi wotchi ya masekondi, kugawa ntchito m'tizigawo, kuyeza kagawo kalikonse, n'kulamula njira imodzi yoigwirira. Mu 1911 anatulutsa buku lake lotchedwa The Principles of Scientific Management. M'bukumo anafotokoza za wantchito wonyamula zitsulo amene anachoka pa matani 12 ndi theka pa tsiku kufika pa matani 47, ndipo malipiro ake anachoka pa dola imodzi ndi masenti 15 kufika pa dola imodzi ndi masenti 85. Tikawerengera tokha, ntchito inawonjezeka pafupifupi kanayi pamene malipiro sanafike ngakhale kawiri.

Pa nthawi yomweyo kunali banja la Frank ndi Lillian Gilbreth, amene ankajambula antchito pa kanema kuti aone mmene manja amayendera. Frank anali ataphunzira ntchito yomanga, ndipo anachepetsa mayendedwe a thupi poika njerwa imodzi kuchoka pa 18 kufika pa 5 kapena pafupi pamenepo. Lillian, mayi wa ana 12 komanso katswiri wa maphunziro a maganizo a anthu, ankalimbikira kuti kutopa nakonso kuwerengedwe. Mu 1916 awiriwa analemba buku lonena za kutopa pantchito, lolimbikitsa mipando yabwino, kuwala kokwanira ndi nthawi yopuma. Mabwana ambiri anatenga msanga mbali ya kufulumira, mbali ya kupuma n'kuisiya m'buku.

Mwezi wa March chaka chomwecho cha 1911 munachitika zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzikumbukira. Ku Clydebank ku Scotland kunali fakitale yaikulu ya Singer, kumene kunkachokera makina ambiri akuda aja amene anafika m'mayiko olamulidwa ndi Britain. Amayi 12 opukuta matebulo a makina ananyanyala ntchito chifukwa kagawidwe katsopano kanawawonjezera ntchito n'kuwachepetsera malipiro. Posakhalitsa antchito pafupifupi 11,000 anawatsatira. Patatha masabata atatu anabwerera osapambana, ndipo mazana angapo anachotsedwa ntchito. Pa 25 March, mu mzinda wa New York, moto unabuka m'fakitale ya mabulauzi ya Triangle, m'zipinda za pamwamba pa nyumba yosanja. Zitseko zina zinali zokhoma, kuopa kuti antchito angabe nsalu kapena kutuluka nthawi isanakwane. Anthu 146 anafa, ambiri mwa iwo atsikana ndi amayi ochokera ku Italy ndi Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya. M'mabuku a fakitaleyo kansalu kobedwa kanali ndi mtengo wake, koma chitseko chotsegula chinalibe mzere.

Malaya agawidwa m'mphindi

Pofika m'zaka za m'ma 1930 mafakitale a zovala anali atakhazikitsa njira ya mitolo. Nsalu imayalidwa yosanjikiza kambirimbiri n'kudulidwa nthawi imodzi. Zidutswa zimamangidwa m'mitolo, ndipo mtolo umayenda kuchoka pa makina ena kupita pa ena. Mayi mmodzi amasoka makolala okhaokha, wina matumba, wina mikono, wina mabowo a mabatani. Pa mtolo uliwonse pamakhala tikiti imene wosoka amadula n'kusunga ngati umboni wa ntchito yake. Mwanjira imeneyi munthu amatha kugwira ntchito m'fakitale zaka khumi osasokapo malaya athunthu, ndipo n'chifukwa chake alongo athu ena amene anachoka m'mafakitale anafunika kuphunziranso kudula ndi kuyeza asanatsegule khonde lawo.

Mu 1948 akatswiri atatu a ku America, Maynard, Stegemerten ndi Schwab, anafalitsa njira yotchedwa MTM. Iwo anaona kuti sikofunika kuima ndi wotchi kumbuyo kwa munthu aliyense, chifukwa kutambasula dzanja, kugwira, kusuntha ndi kusiya chinthu kungapatsidwe nthawi yake patebulo la manambala. Anagawa ola limodzi m'tizigawo 100,000, kutanthauza kuti m'sekondi imodzi muli tizigawo pafupifupi 28. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ku Britain anakonza tebulo lotere la ntchito yosoka yokha, lotchedwa GSD. Kuyambira pamenepo munthu wokhala mu ofesi ku London kapena ku New York ankatha kuyang'ana chithunzi cha malaya n'kunena mphindi zimene ayenera kutenga, nsalu isanadulidwe n'komwe.

Kuyeza kumeneku kunaulula chinthu chothandiza ngakhale kwa ife. Pa nthawi yonse imene wosoka amakhala pa makina, singano imayenda kwa nthawi yochepa, kawirikawiri yosafika theka. Yotsalayo imathera potola zidutswa, kuzilinganiza, kutembenuza, kudula ulusi ndi kuika pambali. Kufulumira kwenikweni kumachokera pa kukonza malo ogwirira ntchito, osati pa kupalasa makina mwamphamvu.

Nthawi yoikika ya chovala chimodzi imatchedwa SAM kapena SMV. Imaphatikiza mphindi za ntchito zonse zosoka chovalacho, n'kuwonjezerapo pang'ono za kutopa, kupita kokadzithandiza, kusintha ulusi wapansi ndi ulusi ukaduka. Tiyerekeze ndi manambala athu ophunzirira. Mzere wa amayi 30 wogwira maola 8 uli ndi mphindi 14,400 pa tsiku. Ngati malaya amodzi anaikidwa mphindi 20, ndipo mzerewo wamaliza malaya 450, ndiye kuti watulutsa mphindi 9,000 mwa mphindi 14,400, zomwe ndi 62 ndi theka pa 100 alionse. Nambala imeneyi ndiyo imalembedwa pa bolodi kumapeto kwa mzere. Tsono ngati malipiro, magetsi, lendi ndi zina zonse za mzerewo zikwana 7,200 pa tsiku, kusoka malaya amodzi kwadya 16. Mzere womwewo ukamaliza malaya 600, mtengowo umatsika kufika pa 12. Apa ndi pamene pamachokera kukuwa kwa akapitawo masana.

Komabe nambala ya pa bolodi siinena chimene chachedwetsa ntchito. Magetsi akazima, nsalu ikachedwa padoko, makina akawonongeka, kapena mzere ukakonzedwa molakwika moti mitolo ikuunjikana pa mayi mmodzi ena akungodikira, nambala imatsika chimodzimodzi ngati kuti osokawo ndi aulesi. Zambiri mwa zimenezi zili m'manja mwa oyang'anira, koma mlandu umakonda kugwera wokhala pa makina.

Mafakitale a kwathu

Kuchigawo chathu chino, mafakitale a zovala anayamba kukula ku Johannesburg, Germiston, Cape Town ndi Durban, kenako ku Bulawayo ndi Harare. Ku South Africa amayi osoka ananyanyala ntchito mu 1931 ndi 1932 pokana kuchepetsedwa malipiro, motsogozedwa ndi bungwe la Garment Workers' Union limene mlembi wake anali Solly Sachs. Pamakina a m'mafakitale amenewa ndi pamene panachokera atsogoleri monga Lucy Mvubelo, Emma Mashinini ndi Lilian Ngoyi. Mayi Ngoyi anali wosoka m'fakitale pamene anakhala mmodzi mwa otsogolera amayi pafupifupi 20,000 amene anapita ku Union Buildings ku Pretoria pa 9 August 1956 kukakana malamulo a mapasi. Boma la tsankho nalo linkawerengera mtengo wa mphindi m'njira yakeyake. Linkapereka mwayi kwa eni mafakitale kuti asamukire m'malire a madera amene anthu akuda anathamangitsidwirako, kumene malipiro anali otsika kwambiri ndipo mabungwe a antchito analibe mphamvu.

Mayiko athu atalandira ufulu, pafupifupi lililonse linafuna kuvala nsalu ya thonje lake. Ku Blantyre fakitale ya David Whitehead and Sons inayamba ntchito cha m'ma 1967. Ku Zambia kunamangidwa Kafue Textiles, kenako Mulungushi Textiles ku Kabwe mothandizidwa ndi dziko la China. Ku Zimbabwe kunali mafakitale a nsalu ku Kadoma ndi ku Chegutu, ndipo ku Mozambique kunali Textáfrica ku Chimoio. Ambiri mwa ife tinakula tikuvala zitenje ndi mayunifomu ochokera kumeneko. Mafakitalewa ankatetezedwa ndi misonkho ya pamalire, motero mtengo wa mphindi yawo sunkapikisana kwenikweni ndi wa kunja.

M'zaka za m'ma 1990 malire anatseguka. Zimbabwe inalowa m'ndondomeko ya ESAP kumayambiriro kwa zakazo, Zambia inatsitsa misonkho pambuyo pa chisankho cha 1991, ndipo mayiko ena anatsatira njira yofanana mokakamizidwa ndi ngongole zakunja. Nsalu ndi zovala zotsika mtengo za ku Asia zinalowa, ndipo mabelo a kaunjika, amene ku Zambia amati salaula, anadzaza misika. Mafakitale athu anapezeka ali ndi makina akale, ngongole za chiwongoladzanja chokwera, ndiponso kusowa ndalama zakunja zogulira utoto ndi zipangizo. Ambiri anatseka kapena kuchepetsa antchito. David Whitehead ya ku Blantyre inagulitsidwa mu 2003, ndipo Mulungushi inaima cha m'ma 2007. Amayi ndi abambo amene anachotsedwa ntchito sanali ochedwa manja. Malaya a m'belo, amene mwini wake woyamba anawapereka kwaulere ku Ulaya kapena ku America, alibe mtengo wa nsalu kapena wa kusoka, ndipo palibe liwiro limene lingapikisane nawo.

Mphindi ya ku Maseru ndi mphindi ya ku Dhaka

Kuyambira 1974 malonda a zovala padziko ankayendetsedwa ndi pangano la MFA, limene linkaika malire a zovala zimene mayiko ambiri osauka angagulitse ku Ulaya ndi ku America. Eni mafakitale a ku Asia, malire a kwawo atadzaza, ankasamukira kumayiko amene anali ndi mpata, monga Mauritius ndi Lesotho. Mu 2000 dziko la America linakhazikitsa lamulo la AGOA lolola zovala za mayiko ambiri a mu Africa kulowa popanda msonkho, ndipo mayiko osauka kwambiri analoledwa kusoka ndi nsalu yogula kwina. Pofika 2004 mafakitale a ku Maseru ndi Maputsoe anali ndi antchito pafupifupi 50,000, ambiri mwa iwo amayi, akusoka majini ndi matisheti a masitolo a ku America. Eswatini, Madagascar, Kenya ndi Malawi nawo anapezapo gawo.

Mafakitale ambiri otere amagwira ntchito imene amaitcha CMT, kutanthauza kudula, kusoka ndi kumalizitsa basi. Wogula wakunja ndiye amasankha nsalu ndi kasokedwe, ndipo fakitale imagulitsa mphindi zokha. Wogulayo amaika patebulo limodzi mtengo wa mphindi ya ku Lesotho, ya ku Bangladesh, ya ku Cambodia ndi ya ku China, n'kusankha. Pa 1 January 2005 malire a MFA anatha, ndipo pa nthawi yomweyo ndalama ya rand, imene loti ya ku Lesotho imayenda nayo limodzi, inali yamphamvu, kotero mphindi ya ku Maseru inakwera mtengo poiwerengera m'madola. Mafakitale angapo sanatsegulenso pambuyo pa tchuthi cha Khirisimasi, ndipo amayi masauzande anabwerera kuntchito n'kupeza mageti okhoma. Madagascar inachotsedwa mu AGOA mu 2010 chifukwa cha mavuto a ndale, ndipo ntchito zambiri zinatha. Mu April 2025 America inalengeza msonkho wa 50 pa 100 alionse pa katundu wa ku Lesotho, ndipo ngakhale pambuyo pake unatsitsidwa kufika pa 15, maoda anali ataima kale ndipo amayi ambiri anakhala pakhomo. Pa zochitika zonsezi palibe ngakhale chimodzi chimene chinayambira pa makina a wosoka.

Mpikisano wa mphindi yotsika mtengo unaonetsa mapeto ake pa 24 April 2013 ku Savar, kufupi ndi Dhaka ku Bangladesh. Nyumba yosanja kasanu ndi katatu ya Rana Plaza, mmene munali mafakitale asanu a zovala, inagwa n'kupha anthu 1,134. Ming'alu inali itaoneka dzulo lake, ndipo banki ndi masitolo a pansi anatseka, koma osoka anauzidwa kuti alowe chifukwa maoda anali ndi tsiku lake. Zaka 102 zinali zitadutsa chichitikire moto wa Triangle.

Tikayamba kuwerengera tokha

Mbiri imeneyi siikutiuza kuti tidane ndi wotchi. Mayi amene sadziwa mphindi zake amadyeredwa mosavuta kuposa amene amazidziwa, ndipo nthawi zina amadzidyera yekha masuku pamutu. M'misonkhano yathu timamva kawirikawiri mayi akunena kuti makina sakupuma, makasitomala sakutha, koma tsiku lobweza ngongole likafika ndalama palibe. Nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala mtengo woikidwa poyang'ana nsalu yokha ndi mtengo wa telala woyandikana naye.

Tiyerekezenso ndi manambala ophunzirira, opanda dzina la ndalama, popeza ena mwa ife timawerengera makwacha, ena rand, ena metical, ena madola. Mayi ali ndi zolipira za pamwezi zimene zimabwera kaya wasoka kaya sanasoke: lendi, magetsi kapena makala a simbi, mafuta a makina, singano, chiphaso cha kumsika, chiwongoladzanja, ndi kandalama kosungira tsiku limene makina adzafune kukonzedwa kapena kusinthidwa. Zonsezi zikwane 60,000. Amakhala pakhonde masiku 24, maola 8 pa tsiku, omwe ndi maola 192. Koma akalemba moona mtima kwa masabata awiri, apeza kuti maola odula, kusoka ndi kusita ndi asanu okha pa tsiku. Enawo amathera poyeza makasitomala, kukagula zipi, kudikira magetsi ndi kulondola angongole. Ndiye kuti maola ogulitsika ndi 120, ndipo ola lililonse liyenera kusenza 500 ya zolipira zija, osati 312. Ngati akufuna malipiro ake a 120,000 pa mwezi, ola lake ndi 1,000.

Tsono diresi la yunifomu limene limatenga maola atatu lidya 1,500 ya zolipira za pamwezi, 3,000 ya manja ake, ndi 5,000 ya nsalu, ulusi, zipi ndi mabatani. Zonse pamodzi ndi 9,500, phindu lisanabwere. Akaligulitsa 8,000 amaganiza kuti wapindula 3,000 chifukwa wachotsa nsalu yokha. Zoona zake n'zakuti wagwira maola atatu pa 1,500, theka la malipiro amene anadziikira. Oda ya madiresi 100 pa mtengo umenewu imamutopetsa miyezi iwiri ndi theka, n'kumusiya ndi ngongole.

Pali zina zimene mafakitale anazidziwa kalekale ndipo tingazitenge popanda nkhanza zake. Nsalu ndiyo imadya gawo lalikulu la mtengo wa zovala zambiri, kotero mphindi khumi zoyala mapatani mwanzeru musanadule zimapulumutsa ndalama kuposa kuthamangitsa makina. Oda ya sukulu, ya kwaya kapena ya ukwati imayenda msanga tikadula zonse tsiku limodzi n'kusoka makolala onse, kenako mikono yonse, ndi ulusi wa mtundu umodzi osausintha. Amayi anayi a gulu limodzi akagawana ntchito chotero amatha kulandira oda imene aliyense payekha sakanaikwanitsa, paja mutu umodzi susenza denga. Chovala chobwezedwa kuti chisomoledwe chimadya mphindi kawiri, kotero kuyeza bwino poyamba ndi ndalama.

Kwa ife odutsa malire palinso mzere wina. Nsalu yogula ku Johannesburg, ku Kamwala ku Lusaka, ku Limbe kapena ku Kariakoo ku Dar es Salaam iyenera kusenza mtengo wa basi, wogona, chakudya cha panjira, msonkho, kusinthitsa ndalama, ndiponso masiku amene makina anakhala chete ife tili paulendo. Ndipo mtengo woikira chovala uzitengera ndalama zimene tidzagulire nsalu ina, osati zimene tinagulira iyi. Alongo athu a ku Malawi akukumbukira November 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse. Amene anapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale anamaliza katundu yense n'kupeza kuti mpamba sukukwananso kugula nsalu yofanana.

Chomaliza ndi cholemera kuposa zonse. Ena mwa ife, chifukwa cha masheya ndi ngongole za m'magulu athu, tafika pokhala ndi makina atatu kapena asanu, ndipo pa makinawo pamakhala ana a anzathu. Tikawalipira pa chovala chimodzichimodzi, tiziyamba tayeza mphindi zenizeni za chovalacho pa munthu wosoka mwachizolowezi, osati pa wothamanga kwambiri, kuti mtsikana wogwira tsiku lathunthu apite kunyumba ndi ndalama yogulira ufa ndi sopo. Magetsi akazima kapena nsalu ikachedwa, maola amenewo asakhale chilango cha iye yekha. Akapeza njira yofulumira, tisathamangire kumudulira malipiro monga anachitira amalonda aja makina atangobwera. Mpando wabwino, kuwala, nthawi ya nkhomaliro, waya wamagetsi wosang'ambika ndi chitseko chotsegula zikhale ndi mzere wake m'kope la zolipira, ndipo mtengo umene timauza kasitomala uzisenze.

M'magulu athu tinaphunzira kale kulemba sheya iliyonse ndi ngongole iliyonse pamaso pa onse, ndi kuwerenga ndalama za m'bokosi mokweza kuti aliyense amve. Luso lomwelo ndi limene likufunika pa makina. Tikupempha kuti m'chaka chikubwerachi, mayi aliyense wofuna ngongole ya ntchito yosoka azibwera kumsonkhano ndi pepala limodzi loonetsa maola a chovala chake, zolipira zake za pamwezi ndi malipiro ake omwe, ndipo amayi odziwa masamu akhale naye pansi n'kuwerengera limodzi ndalama isanatuluke m'bokosi.